Dalaivala wa Basi ya Timu

Zaka makumi awiri ndi zitatu Orval Tisdale
ankawoloka mlatho womwewo Loweruka la Novembala,
atsikana a volebo ali m'tulo kumbuyo,
mawondo akununkha mankhwala opaka,
kukalimbana ndi koleji ya tsidya la mtsinje.
Ola limodzi ndi theka. Ankaima pasitolo ya Hagerty
kugula khofi wowawa ndi madonasi.

Chaka chino akuluakulu anasainirana m'chipinda cha hotela.
Ligi yatsopano, ndalama za kanema,
maziro ochuluka kuposa mipando ya m'bwalo.
Mdani watsopano ali kum'mawa kwenikweni,
kumene wotchi imatsogola ndi maola atatu.

Orval tsopano amangowatula pabwalo la ndege.
Mphindi khumi ndi ziwiri basi.
Marisela, kaputeni, amatsika buku la kemisitiri lili m'khwapa,
homuweki akalembera m'mitambo.

Dzana mayi wa pasitolo anafunsa:
"Ana aja ali kuti?"
Orval analoza kumwamba,
nagula donasi imodzi,
nakadyera m'basi yopanda munthu,
injini ikulira pachabe.

Tsidya lija magetsi a bwalo akuyakabe.
Kaya akudikira ndani.