Dominga Anawerengedwa Katatu

Mu ofesi ya kwa DC ku Nsanje fani yatopa kuzungulira,
thukuta la Januwale lamata malaya pamsana panga.
Pa kompyuta pali akaundula asanu a anthu a ku Makhanga,
onse othawa madzi amodzi,
koma kaundula aliyense ndi chilankhulo chake.

Wa kuchipatala akuti: Dominga Alufazema,
wobadwa pa 3, mwezi wa 7.
Wa bungwe logawa ufa akuti: Alfazema D.,
wobadwa pa 7, mwezi wa 3.
Wa kumsasa wa pasukulu ku Bangula, wolembedwa pa foni yonyowa,
akungoti Mai Dominga, ana anayi.
Mayi mmodzi wasanduka amayi atatu,
matumba atatu a ufa akumudikira,
pomwe Zuze, amene ndinamuona ndi maso angawa
akutsika m'bwato atasenza njinga pamutu,
sakupezeka pamzere uliwonse.

Chida choyezera madzi pa Chiromo chimatumiza mamita.
Wopalasa bwato pa Mtayamoyo amatumiza mawu:
lero afika pamene tinamanga mbuzi dzana.
A zanyengo amatumiza fayilo
imene pulogalamu yanga imangoiyang'ana kukamwa kuli yasa.

Zaka ziwiri ndakhala ndikusula makiyi,
khomo lililonse kiyi wake.
Wina akasintha loko usiku osandiuza,
m'mawa ndimapezeka panja, ndikugogoda,
uku Ruo akukwera, sadikira munthu.

Ndiye tinaitanizana ku Nchalo,
anthu khumi ndi awiri m'chipinda chonunkha utsi wa nzimbe zootchedwa.
Palibe anafuna kupereka nkhokwe yake.
Tinati ayi, nkhokwe sungani, mangani mmene mufunira,
koma kakhomo kotapira kakhale kofanana,
kuti wobwera ndi funso asaphunzire kagogodedwe kasanu.
Tsiku lilembedwe chaka poyamba, mwezi, kenako tsikulo.
Madzi ayezedwe ndi muyeso umodzi,
monga thonje la pa Ngabu silisankha sikelo potengera mwini munda.
Munthu akhale ndi nambala imene siisintha
ngakhale wolemba atameza chilembo cha dzina lake.

Zimenezo zinatha m'mawa umodzi.
Chimene chinatidya masiku awiri ndi liwu lakuti banja.
Bambo Nyakhuwa anati ndi denga limodzi.
Mayi Thole anafunsa: nanga denga likapita ndi madzi?
Nanga wa mitala, makomo atatu, khasu limodzi?
Tinasekako, kenako tinangoti chete.
Tinalemba kuti odya pamodzi lero,
ndipo a Nyakhuwa anasaina akupukusa mutu.

Usiku uno magetsi abwera mochedwa.
Udzudzu wa ku Ndindi wandipeza pansi pa tebulo.
Ndalemba funso limodzi lokha,
ndalitumiza kudzera pakhomo limodzi,
ndipo nkhokwe zisanu zayankha pamodzi,
mwaulemu, m'mizere yowongoka,
osafunsa kuti ndine yani mwa njira zisanu.

Amayi atatu aja afungatirana, asanduka mmodzi:
Dominga Alufazema, ana anayi, thumba limodzi.
Matumba awiri abwerera pamulu.
Ndaomba m'manja ndekha, nalimata wathawa pakhoma.

Kenako ndalemba: Zuze.

Makomo onse atseguka msanga,
onse ayankha ndi mawu ofanana, m'chilankhulo chimodzi choyera
chimene tinachivutikira masiku atatu:
palibe.

Pulogalamu siinalakwe.
Munthu amene sanalembedwe ndi dzanja lililonse
sangatuluke pakhomo ngakhale litakongola chotani.

Mawa ndidzuka kusanache,
ndikwera kabaza mpaka pamene msewu unadukira,
ndili ndi kope la masamu ndi bolopeni ziwiri m'jumbo.
Ndikafunsa aliyense kutsidyako
za mwamuna wamtali wa njinga yopanda tcheni.
Ndikampeza, ndikamuuza atchule dzina lake pang'onopang'ono,
kawiri,
ine ndikulemba.