Chowongolera cha Khembo

Kamakina aka ndi kakale kuposa ine.
Malume anabwera nako kuchokera ku Beira
njanji idakali ndi mawu,
atakakulunga m'malaya, pamodzi ndi makaseti atatu
amene sadzuka usanawauzire mpweya.

Madzi a chaka chija anatenga mbuzi, chitseko, theka la Bangula,
koma iko kanali pamtanda wa denga, kouma gwa.
Chowongolera chokha ndicho chinamwa matope.
Nditachitsegula ndinapeza dzimbiri
ndi kachigoba ka nkhono.

Ngakhale chikanachira,
anachipangira munthu wa zala khumi.
Mlongo wanga Khembo ali nazo zisanu.
Zinazo zinatsala pa Mtayamoyo, m'kamwa mwa ng'ona,
m'mawa wina akukankha bwato la eni.
Chibwerere kuchipatala sanafunseko za magemu.
Amangokhala pansi pa msawu,
kuwerenga makabaza odutsa.

Ine ntchito yanga ndi mafoni akufa.
Lachiwiri ndinatseka kabenchi kanga msanga.
Thabwa ndinapempha kwa Alufandika wamabokosi,
anandipatsa chodula cha mlombwa osafunsa kuti ndi cha maliro a ndani.
Mabatani ndinazula m'wailesi ya mai Nyakamera,
ija inasiya kuyankhula pakati pa uthenga wa odwala.
Sipoko ya njinga, ndinaipinda, ndinaiveka chitsekero cha botolo:
ndodo yoyendetsera ndi imeneyo.
Chubu chakale chinapereka mphira
woti ndodoyo izibwerera pakati ikasiyidwa.

Magetsi anathima, monga mwa mwambo wawo.
Ndinaika msomali pambaula mpaka unafiira,
nkuugwira ndi pulayala,
mtovu nkusungunuka, kununkha ngati mankhwala a thonje.
Okutobala wa kuno safuna wothandizira,
dzuwa lokha likanawotcherera mawayawo ndikanalipempha.
Thukuta linkadontha pakabolodi kobiriwira,
ine nkupukuta ndi nsonga ya chitenje,
nkuwerenganso tiwaya, tisanu, tonse tofanana ngati ana a nkhanga.

Dzanja limodzi silingayendetse ndi kulumpha nthawi imodzi.
Ndinaganiza usiku wonse, udzudzu ukundithandiza.
Kutacha ndinaona Khembo akutola chisoti chake pansi
ndi zala za kuphazi, osawerama nkomwe.
Basi.
Mabatani awiri ndinawatsitsira pansi,
pa kathabwa kena, pansi pa zidendene za patapata.
Kulumpha kumanzere, kuponya kumanja.

Loweruka tinabwereka batire ya sola.
Kanema anaphethira, anatsokomola mizeremizere,
kamunthu kaja kanatulukira, zaka zonsezi osakalamba.
Khembo anakankhira ndodo kutsogolo,
iko nkuthawira m'mbuyo, mpaka m'dzenje.
Ndinali nditasemphanitsa mawaya awiri.

Anaseka.
Chiseko chenicheni, cha m'mimba, chotsamwitsa,
chimene ndinkayesa chinatsala kumtsinje pamodzi ndi zala zija.
Ndinatembenukira kumbaula ngati ndikufuna msomali,
utsi ndiwo unandilowa m'maso.

Nditakonza, anayambanso.
Poyamba phazi linkachedwa, dzanja nkulidikira,
ngati anthu awiri osadziwana atanyamula thumba limodzi.
Kenaka anamvana.
Chidendene gu! kamunthu m'mwamba,
gu! kawoloka moto,
ana a m'nyumba zoyandikana atadzaza zenera, mpweya osalowa.
Anafika pamtsinje wa m'gemumo, wodzaza zilombo za mano,
ine mtima phaa.
Iye sanaphethire. Anadumpha pamisana pawo, chimodzichimodzi,
nkutsidya.

Batire inatha asanamalize.
Mumdimamo anangoti, “Takhuta, mlongo.
Koma batani lakumanjali likulimba.”

Likulimbadi.
Mawa ndilimasula pang'ono,
ndikatha foni ya aphunzitsi, imene yagona kwanga masiku anayi.