Dzina ndi Lomwelo

Mafayilo onse alipo, Zelipa, ndawawerenga:
makumi anayi ndi awiri,
lililonse ndi kaloko kachikasu paphewa
ngati nyumba za ku Kabulonga.
Denga ukuliona, mtengo wa mapeyala ukuuona,
koma geti silikukudziwa.

Wolakwa ndi Tikambenji, mwana wa mlongo wanga,
kapena ndinene kuti wothandiza.
Magetsi atathima Lachitatu, kompyuta inadzuka ikutsimphina.
Iye anati, "Amalume, ndingoisesa."
Anasesadi. Anasesa ndi ine ndemwe.
Kenako anandiumbanso:
Gelesomu Njobvu, chilembo chilichonse pamalo pake,
mpaka kundiikira chithunzi cha galimoto lofiira
limene sindinakhalepo nalo.

Ndinagogoda pa buku la chilimba.
Simuloledwa.
Ndinagogoda pa zopereka za maliro a kumpingo.
Simuloledwa,
ine amene ndinazilemba ndi zala ziwiri
zaka zisanu ndi chimodzi, magalasi ali pamphuno.

M'tauni, kuseri kwa ogulitsa machaja,
kuli mtsikana wina, Kapembwa,
amasunga sikuludiraiva m'tsitsi.
Sanandiseke. Anatafuna chingamu kaye, nati:
"Atate, makinawa samva dzina.
Amamva kiyi amene anabadwa ndi munthu woyamba uja.
Wachiwiriyu ndi mlendo wovala jekete lanu.
Kodi kalelo kabokosi sikankatuluka pakona
kokuuzani kuti musunge kiyiyo kwina?"

Kankatuluka.
Ndinkakaingitsa ngati ntchentche.

M'basi ya ku Chilenje ndinaiwala kufunsa chenji.
Ndinkawerenga amayi khumi ndi asanu ndi anayi,
aliyense wotsimikiza kuti mwezi uno ngwake,
ndi Mayi Sakala amene sabwereza funso,
amangokuyang'ana.

Koma iwe sunkaingitsa kanthu.
Unkasunga ngakhale malisiti a mchere.
Ndinakhuthula matumba a masuti, ndinafukula pansi pa matiresi,
ndipo m'chitini cha mabatani chimene unasiya popita ku Chipata
munali kafulashi kabuluu
kokulungidwa m'lisiti ya magetsi,
ndi dzanja lako lopendekera kumanzere:
KIYI WA GELESOMU. ASATAYE.

Kapembwa anakalowetsa. Makina anafunsa mawu achinsinsi.
Ndinayesa dzina langa. Ndinayesa lako.
Ndinayesa la galu wathu uja anagundidwa pa mphambano.
"Amene anakulunga ndiye akudziwa," anatero mtsikanayo,
akundikankhira foni yanga yomwe.

Zaka ziwiri ndisanaimbe nambala imeneyo.
Inalira kasanu.
Kumbuyo kwako ndinamva chigayo, ndi mwana wa eni ake akulira.
Sunafunse kuti ndili bwanji.
Unamvetsera nkhani yonse, kenako unati:
"Ndi tsiku lija unkaliiwala chaka ndi chaka."

Ndinalemba. Linakana.
Ndinasintha mwezi. Linakananso.
Kapembwa anayang'ana kumbali ngati wamva kuitana.
Iwe unali chete, mayunitsi akutha,
ndipo m'chete mwakomo munagwa mvula,
ija inanyowetsa nsapato zobwereka,
abusa akufuula kuti timve malumbiro pansi pa malata.
Sunali Okutobala ayi.
Disembala, pa naini.

Linatseguka popanda phokoso lililonse.
Maloko achikasu akadalipo,
koma tsopano akundipatsa njira.
Mwezi uno ndi wa Mayi Sakala.
Wotsalira ndi miyezi iwiri,
mzere wachisanu ndi chitatu,
ndine.

Kapembwa walandira makwacha ake,
wandikoperanso kiyiyo pawiri,
wati wina ndikasunge kwa munthu wosataya zinthu.

Ndaima pano pa siteshoni ya mabasi akutali,
envulopu m'manja, dzina lako pamwamba,
kondakitala akukuwa Chipata, Chipata, mpando umodzi.
Akundifunsa ngati ndi katundu yekha
kapena ndi mwini wake yemwe.