Sine Jana

Mphunzitsi wa giredi wani ku Chilenje
anaweramira kaundula, nakweza magalasi,
nayesa lilime kawiri ngati woponda mwala wa ndere:
"Sine... Sine Jana?"
Kalasi yonse inafa nalo phwete.
"Ngati sindiwe Jana, nanga ndiwe yani?"
Ndinalibe yankho.
Ndinangokanda desiki ndi chikhadabo.

Snezhana.
Atate okha ndiwo ankalitchula bwino,
mano atalumana, mpweya ukuthawa ngati tayala lobooka.
Anabwera nalo kuchokera ku Voronezh
pamodzi ndi pepala la uinjiniya,
chipewa chaubweya chimene njenjete zinamaliza m'sutikesi,
ndi zala ziwiri za kumanzere zosamva kutentha kwa kapu.
Ankati tsinde lake ndi liwu la kumeneko la chipale chofewa,
chija chimagwa chosagogoda padenga,
ngati wina akusefa ufa kumwamba.
Ankatinso ngakhale kwawoko silinali dzina lotola pamsewu:
m'zaka zisanu anakumana ndi mwini wake mmodzi yekha.

Mmodzi yekhayo ndiye anali munga.
Amayi sanafunsepo ife tikumva,
koma zaka makumi atatu dzinalo silinawakhudze milomo.
Ankandiitana "Iwe," kapena "Mwanawe,"
tsiku la malipiro "Mayi wanga."
Atate ankati anali nesi wokalamba, wa tindevu pachibwano,
amene anawapulumutsa zala usiku umene basi inawasiya.
Amayi ankangoti, "Nesi,"
chitseko cha kabati n'kulira.
Onse awiri agona ku Leopards Hill tsopano, mogundana.
Mlanduwo akaumalize okha.

Ine ndinabadwa mu Okutobala,
phula likumata nsapato za anthu pa Cairo Road.
Chipale sindinachionepo,
kupatula chija chimasungunuka m'firiji magetsi akapita
n'kundidzazira beseni.
Pa reji yanga kalaliki anameza chilembo chimodzi,
nawonjezera ziwiri za m'mutu mwake.
Ku banki ndine munthu wina, ku kwaya winanso.

Chaka chino ndi cha khumi ndi chisanu ndi chinayi
ndili mzamba pa kiliniki ya Chawama.
Woyamba kuliba anali Mwatitha, wogulitsa impwa ku Soweto.
Mwana anatsogoza miyendo, mvula ikung'amba malata,
foni ndaluma kukamwa kuti iwalitse.
Kutacha anawerenga baji ya pachifuwa panga
chala chikutsata chilembo chimodzichimodzi.
"Ili ndatenga," anatero.
Ndinati, mwanayu adzavutika nalo.
Anati, "Wabwera chafutambuyo uyu, mavuto awadziwa kale."

Kenako mlamu wake. Kenako wa nyumba yoyandikana ndi mlamuyo,
amene sanandionepo n'komwe,
anangolimva pa mpopi nalikonda kulira kwake.
Lero tsiku la sikelo ndikaitana "Sinejana!"
amayi atatu amadzuka, akumanga zitenje,
kuyang'anana ngati aberana nkhuku.
Alipo Sineja, Nejana, ndi Sine wa ku Kuku
amene saluni ya amake yanyamula dzinalo ndi penti wofiira.
Kondakitala wina anandiuza motsimikiza kuti n'Chinsenga.
Mayi wa chigwirizano analumbira kuti lili m'Baibulo,
angoiwala chaputala.
Sindinatsutse.
Mbatata ikayanga safunsa kumene kunachokera kholowa.

Atate, mukanaona.
Dzina lija munalisunga ngati mbale ya alendo
likuthamanga chosavala nsapato m'ngalande za Chawama,
likutumwa mchere wa pa kantemba,
likukalipidwa madzulo kuti likasambe.

Dzulo pa geti ndinapeza kamtsikana ka zaka zinayi,
fumbi mpaka m'mawondo, kakuyamwa aisi wa m'pepala,
madzi ake akutsikira kuchigongono.
Ndinati, dzina lako ndani?
Kanachotsa aisi kukamwa, kanandiyang'ana m'maso,
milomo ili buluu ndi kuzizira.
"Ndine Sinejana," kanatero.
"Nanga imwe?"