Chibangili cha Yotamu

Anabwera nacho m'sokosi,
chaka chomwe matimati anavundira m'madimba a ku Bua,
nanditambasula dzanja ngati akufuna kuzula minga.
"Jedi ameneyu, mayi. Mwala wa ku China.
Ndagula ku Dar, m'sitolo yokhala ndi alonda awiri pakhomo.
Mtengo usafunse, ungakomoke."
Chinakana kulowa. Tinachita kudzola sopo.

Zaka khumi ndi zinayi chakhala chikugunda
pachitsulo cha makina anga osokera
pano pakhonde la sitolo pa Kamwendo,
ke, ke, ke, kuwerenga mipendero ya masiketi a eni,
chobiriwira ngati mpiru wothiriridwa m'mamawa,
chozizira ngakhale mu Okutobala.

Tsopano Ndaziona walandira kalata ya kusukulu ya unamwino.
Kalatayo ili ndi chidindo, ili ndi nambala,
nambalayo yakoka maziro ngati ngolo za sitima.
Akuti: Amayi, ku Lilongwe kuli oyeza miyala,
amaunika, amaika pasikelo, nakupatsani chiphaso.
Popanda pepala wogula akuponyerani ya machesi.
Ndi pepala, mwina fizi ya chaka chathunthu.

Mwina.
Ndawerengera ndi choko pa chidutswa cha nsalu:
minibasi popita, minibasi pobwera, ya oyezawo,
zonse pamodzi mayunifolomu asanu ndi awiri a ana a pulayimale.
Ndipo akati ndi botolo, ndalama sabweza.

Zathu zakuno tayesako.
A Fulaitoni, ogula miyala kukagulitsa ku Chipata,
anachigogoda ndi supuni, natchera khutu
ngati akusankha chivwende.
Akuti chikulira bwino, komabe,
ndipo komabe wawoyo anamuikira mtengo wa nkhuku ziwiri.
Mnyamata wokonza mafoni anachiunika ndi tochi:
mkati muli timitambo, chizindikiro chabwino chimenecho.
Anayang'ananso pafoni pake. Akuti kapena choipa.

Mwanangayu sadziwa chomwe ndikuopa.
Bambo ake anali munthu wa pakamwa pa uchi.
Ankati lole yafa pa Tunduma, sabata yonse, sipeya kulibe.
Pamaliro awo sipeyayo anabwera yekha pabasi,
mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi,
mphuno yomweyo, mpata wa m'mano womwewo,
ndipo ndinamupatsa madzi osamba, nanga nditani.
Mawu a Yotamu ndinawayeza kale, limodzi limodzi,
popanda sikelo, popanda tochi,
ambiri anatuluka galasi.
Latsala ili lokha, lili pamkono,
ndipo malinga palibe amene walidinda,
tsiku lina lililonse ndimatha kukhulupirira
kuti kamodzi, mumzinda wotentha uja,
anakhuthula thumba lonse akuganiza za ine.

Koma kukhulupirira sikulipira fizi.
Usiku ndimamva mwana akutembenuka pamphasa,
kalata ija waibisa m'Baibulo, pa Masalimo,
amaitulutsa, amaipinda, mpaka chidindo chayamba kufufutika.
Iye bambo ake sanamuyeze. Amangofuna kupita.

Kodi choonadi ndi cha ndani,
cha wakufa amene sangachitenso manyazi,
kapena cha wamoyo amene akudikira Januwale?
Likakhala bodza, ndataya mayunifolomu asanu ndi awiri
ndi mwamuna kachiwiri.
Chikakhala chenicheni, achigula,
ndipo ndidzadziwa kuti anandikonda
tsiku lomwelo mkono utatsala wopanda kanthu.

Lero m'mawa ndinatenga beseni ndi kachidutswa ka sopo.
Dzanja lanenepa, mfundo zatupa ndi lumo la nsalu.
Chinakana, chinaluma, ndinatukwana dzina lake kawiri,
kenako phu, m'madzi.
Pansi pake khungu layera, kamzere kozungulira
komwe dzuwa la pa Kamwendo silinafikepo.

Ndachikulunga m'sokosi.
Kondakitala akukuwa Lilongwe, Lilongwe, atsala awiri.
Makina ndawafunditsa chitenje.
Mkono ukupepuka moipa.