Mphindi Zitatu

Anandipatsa mphindi zitatu Lamulungu lapitali,
pakati pa zolengeza ndi kwaya yachiwiri,
kuti ndiime kutsogolo ndinene zikomo.
Ndinaima, ndodo m'manja,
mlembi wa mpingo diso lili pa wotchi,
koma kukhosi kunatseka
ngati ngalande za ku Chikanda mvula ikakula.
Ndinangoti, "Mulungu ndi wabwino."
Anthu anati, "Nthawi zonse."
Ndinakhala pansi.

Zimene zinatsala m'kamwa ndi izi.

Linali Lachinayi, chifunga chitatsika m'phiri,
ine ndi kabaza wanga pamtsetse wa ku Chinamwali,
matumba awiri a kachewere kumbuyo.
Mabuleki anakana.
Ndikukumbuka kachewere akugubuduka pamsewu
ngati ana oweruka kusukulu,
kenako denga loyera la ku Central,
mwendo wanga atauzendewetsa chitsulo,
masabata asanu ndi awiri.

Ndimafuna kutchula Mayi Namagowa,
amene ankayenda wapansi kuchokera ku Matawale
chifukwa ya basi anali atagulira shuga.
Fulasiki yawo inali yong'aluka pakamwa,
yomanga ndi mphira,
koma phala linkafika likufuka nthunzi.
Bambo wa bedi loyandikana nane analibe womuzonda.
Mayiwo sanamufunse dzina la mpingo wake,
anangopempha kapu yachiwiri.

Ndimafuna kutchula anyamata a kwaya
amene anatola njinga yanga m'ngalande,
nakawongoletsa limu ku Mpondabwino.
Ankaipalasa mosinthana,
madzulo n'kukatula ndalama kwa mkazi wanga Enelesi
pamodzi ndi kapepala:
wa ku Sadzi mmodzi, wa kumsika awiri,
wina wathawa osalipira, pepani.

Sindinama kuti ndinali wolimba.
Usiku, wodi ikazizira,
ndinkafunsa Mulungu mwachipongwe:
munali kuti pamtsetse paja?
Dzanja logawa nyanja lija
linalephera kugwira buleki imodzi?
Yankho silinabwere.
Kunkangocha,
fulasiki ija n'kulowa pakhomo.

Koma dzina limene linanditsamwa ndi la a Likoswe.
Inde, msungichuma yemweyo,
amene pamsonkhano wa malata ndinawaloza chala
n'kunena kuti ndalama za mpingo zamera miyendo.
Zaka ziwiri tinkalambalalana pakhomo la tchalitchi,
moni wa mtendere ndinkaupereka cham'mbali.
Anabwera Loweruka lina, jekete lawo lakale lomwe lija,
anakhala kumiyendo kwa bedi, osalalikira,
osatsegula ngakhale Baibulo.
Anayang'ana phazi langa lotupa,
zikhadabo zitakula ngati za nkhuku,
natulutsa lezala watsopano m'thumba.
Chala chimodzichimodzi, modekha,
mutu wa imvi utawerama pa phazi
limene ngakhale ine ndinkanyansidwa nalo.
Atamaliza anapukuta manja,
nati, "Mvula yavuta chaka chino,"
basi n'kumapita.

Zoterezi mungazinene bwanji m'mphindi zitatu?

Mwezi wamawa kuli chopereka cha masika.
Ena adzasenza chimanga, ena nandolo, ena nkhuku yomanga miyendo.
Ine munda ndilibe.
Ndili ndi kaliyala wa khushoni yofiira,
ndi mwendo wotsimphina umene wayambanso kumva pedulo.
Choncho, Ambuye, lembani ichi m'kaundula wanu:
a Mulipa osaona aja, okhala kutsidya kwa Likangala,
azidzafika kutchalitchi belu lisanalire,
ndipo sadzapisa m'thumba.

Za a Likoswe ndiye mundipirire pang'ono.
"Pepani" ndi mawu ochepa
koma amalemera kuposa matumba awiri aja.
Dzulo ndinawapeza pa depoti, ndinawapatsa moni wa manja awiri.
Anafunsa za mwendo.
Ndinati ukupola.
Tinaima pamenepo kanthawi, tikuyang'ana phiri,
mitambo ikuyalula mapaini mmodzimmodzi,
ndipo palibe amene anayang'ana wotchi.