Carus, Cara, Carum

Fada Mpinganjira ankalemba ndi choko chonyowa thukuta,
Okutobala atakhala pa malata a seminale ngati mbaula.
Carus, cara, carum.
Mfotokozi mmodzi, malaya atatu:
a mwamuna, a mkazi,
ndi a chinthu chosakhala uku kapena uko.

Tinaseka. Kwathu mfotokozi safunsa za ndevu kapena chitenje,
amangoyang'ana nkhope ya dzina:
munthu wabwino, chingwe chabwino, dzira labwino.
Wa Aroma amasintha mchira,
wathu amasintha mutu.

Tanthauzo lake? Fada anakweza zala ziwiri.
Wokondedwa. Komanso wodula.
Ine ndinaimika mkono: zitheka bwanji, Fada,
mawu amodzi kugona kumtima ndi m'thumba?
Anati, khala pansi Litete, udzakula.

Anati muzu wake ndi wakale kuposa Roma,
kaphokoso kochepa, ka,
ka anthu osalemba, kotanthauza kukhumba.
Ndinaganiza za ka wathu,
wa kamwana, kanthu, kandalama,
amene amachepetsa chinthu kuti chikwane m'manja.

Mkanjo woyera sindinauvale.
Chaka chachinayi ndinaona Abiti Ndembo
akugula singano pafupi ndi nsanja ya wotchi,
ndipo mchira wa mawu unandisinthira wokha
kuchoka pa -um kupita pa -a.
Kwawo anakana, kwathu anakana.
Tinalipira ndi abale.

Lero ndimagulitsa zipangizo za njinga kumsika.
Anyamata a kabaza amagwira tcheni, amagwira chubu,
nkuti, zadula mdala, tsitsani.
Mumtima ndimati carum, carum,
chinthu chopanda mbali, chingotsitsidwa.
Ndimachotsako mazana awiri.

Koma dzulo kuchipatala cha boma
anatipatsa kapepala m'malo mwa mankhwala.
Ndinawoloka msewu kupita ku famase.
Mtsikana wa pakauntala anatchula mtengo
osandiyang'ana, akudina foni.
Ndinawerenga zonse za sabata ino,
matcheni asanu ndi limodzi, mabuleki, belu,
nditatsala ndi ya mchere yokha.

Mfotokozi uja amakweranso makwerero, Fada:
carior, woposa mnzake,
carissima, woposa onse.
Munandipatsa ziro pa phunziro limenelo.

Ndinamupeza pa benchi, mpango utatsetsereka,
akukupiza ntchentche ndi khadi la odwala.
Anafunsa, zinali zingati?
Ndinati, sizinadule.
Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira inu
ndikalakwitsa mchira wa mawu,
nameza mbulu woyamba popanda madzi.